Loko wa pa Kabokosi ka Pampu Yanga

Ine ndinakana. Ndinakana m'mawa, ndinakana masana, ndinakana pamaso pa amayi onse a gulu lathu, ndipo kukana kwangako n'kumene kunasunga mdzukulu wanga pa ntchito. Amene ankanditcha nkhalamba yamakani abwere awerenge, ngati maso awo alibe manyazi.

Zilembo ndinaziphunzira mochedwa, kusukulu ya kwacha, mano ena atagwa kale. Kwathu kuno kufupi ndi Mlare timayankhula Chitumbuka, koma aphunzitsi ankatilembetsa Chichewa, ndiye dzanja langa linazolowera chimenecho. Likatsimphina penapake, mudumphe ngati chithaphwi. Nkhani yokhayo ndiyo yowongoka.

Mdzukulu wangayu ndi mtsikana, mwana wa malemu mwana wanga wamwamuna. Ndinamulera ndi mpunga, ndinamuveka ndi mpunga, sukulu yonse anaidutsa atakwera pa thumba la mpunga. Lero amagwira ntchito ku Mzuzu, pa kakampani kopanga timabokosi toyendetsa mapampu a sola. Sipanala sagwira ayi. Iye amalemba nzeru zimene zimalowa m'kabokosimo: dzuwa lakwera, yamba kukoka madzi, madzi aphwa, leka, ungapse. Nzeru zimenezo amati pulogalamu. Mwana wa mwana wanga, kuuza chitsulo zochita, chitsulo n'kumamvera! Ndikaganiza zimenezi mapewa amavina okha.

Gulu lathu la amayi limalima mpunga wa chilimwe. Tili ndi mapampu asanu ndi awiri, iliyonse ndi kabokosi kake pamtengo, pansi pa magalasi a sola. Chaka choyamba zinayenda, a mama, zinayenda! Dzuwa likangotuluka pampu hiiii, madzi khwaaa m'munda, ife manja m'chiuno ngati akazi a mabwana.

Ndiye chaka chachiwiri, mbewu ili pa nazale, kutangotsala pang'ono kuwokera, kunabwera bwana wake wa mdzukulu wangayo. Anabwera yekha pa galimoto yoyera, kompyuta m'khwapa, kachingwe m'manja, kumapazi nsapato zosongoka ngati mlomo wa kakowa. Nsapato zimenezo m'munda wa mpunga! Anayenda pampu ndi pampu, amayi a pampando a gulu lathu ali pambuyo pake, akumunyamulira botolo la madzi ngati mkwatibwi. Akafika, atsegule kabokosi, alumikize kachingwe, adinedine, atseke. Zisanu ndi imodzi anazimaliza choncho. Yanga ili kumapeto, kufupi ndi mtsinje.

Anafika osapereka moni. Moni, chinthu chaulere! Anaponda pamtumbira wanga wotchinga madzi, mtumbira n'kugumuka, iye osayang'ana n'komwe.

"Agogo, tapatukani pang'ono, tiikemo zatsopano."

Ndinati, "Mwatandala uli, bambo? Ife tatandala bwino, zikomo pofunsa. Pampu yanga ikudwala chiyani?"

"Siikudwala. Koma zatsopano n'zabwino kuposa zakale."

"Oho. Nanga amayi a kunyumba munawatenga chaka chanji? Mwawasintha chaka chino?"

Amayi amene anali pafupi anagwa nako kuseka, wina mpaka khasu linamupulumuka. Bwana nkhope gwa. Amayi a pampando anandikodola m'nthiti: "Agogo, mukutichititsa manyazi pamaso pa alendo. Ndi mdzukulu wanu yemwe walemba zimenezi."

Ndinati, "Ngati walemba mdzukulu wanga, abwere mdzukulu wanga adzandiuze ndi pakamwa pake. Awa sindiwadziwa. Ndikudziwa nsapato zawo zokha, poti zandigumulira mtumbira."

Ndinakhala pansi, msana kutsamira mtengo wa kabokosi, miyendo tambalale. Anayankhula Chizungu, anayang'ana wotchi, anapita. Tsiku lomwelo ndinayenda mpaka pamsika wa Mlare, kwa mwenishopu wina wa ku Mangochi, ndinagula loko wamkulu ngati wa pakhola la ng'ombe. Kabokosi khethe! Kiyi pachingwe, chingwe m'khosi, kiyi pakati pa mabere pomwe sipafika munthu wamoyo.

Mdzukulu sindinamuuze. Ndinkaopa kuti andikalipira, ndipo foni yanga ndi ka mabatani, mayunitsi ake amatha ngati mchere.

Sabata isanathe, zinayamba. Inu amene simunakhaleko ku Karonga mwezi wa Okutobala simudziwa dzuwa. Kuno limatuluka litapsa kale. M'mawa mapampu onse ankayamba bwinobwino. Koma dzuwa likangofika pamwamba pa mitengo ya mango, nthawi imene madzi amayenera kuthamanga chomene, mapampu asanu ndi imodzi aja zii. Zii mpaka madzulo, dzuwa litapendeka, pomwe mphamvu yokoka yatha. Nazale zinayamba kuchita chikasu. Nthaka inang'ambika ngati zidendene zanga.

Yanga? Yanga hiiii! Yanga khwaaa! Masana onse ikuimba yokha m'dambo lonse, ine n'kumaipolokozera.

Sindinama, ndinakondwera masiku awiri. Ndinawapatsa madzi anzanga oyandikana nawo, ndi paipi. Amayi a pampando ndinawasiya apemphe kaye katatu. Koma tsiku lachitatu chimwemwe chinandiwawira m'kamwa, pakuti amayi a pampandowo anafika pakhomo panga ndi mawu onyamula.

"Tawaimbira abwana aja. Akuti amene walakwitsa ndi mtsikana wolemba pulogalamu. Akuti ndi ana a masiku ano, sukulu yambiri nzeru zochepa. Mdzukulu wanu watiphera mpunga, agogo."

Ndinati, "Kachingwe analumikiza ndani? Mdzukulu wanga munamuona kuno? Botolo la madzi munkanyamulira ndani, mayi inu?"

Anachoka akutafuna milomo. Koma mawu aja anali atayenda kale, kumjigo, kuchigayo, ngakhale pakhonde la tchalitchi. Dzina la mwana wanga likuguduzika m'fumbi.

Lolemba masana foni inalira. Anali iye. Mawu ake anali ngati nsalu yonyowa.

"Agogo, akuti pofika Lachisanu mapampu akapanda kuyenda, ndinyamule zanga."

Ndinati, "Leka kulira, kulira sikukoka madzi. Unalembamo chiyani iwe?"

"Kanthu kakang'ono, agogo. Koti kabokosi kazionetsa maola amene pampu yagwira ntchito. Ndakachotsamo kale, ndaphikanso, ndatumiza, anthu athu akayesa pa pampu imodzi kumeneko, koma ikuzimabe. Kuno ku ofesi kabokosi kakuyenda tsiku lonse, vuto silikuoneka."

"Waphikanso? Ukuphika chiyani ku ofesi?"

Apa anaseka pang'ono, mamina ali m'mphuno. Anandifotokozera, ndipo ndilemba mmene ndinamvera. Pulogalamu imene imalowa m'kabokosi amachita kuiphika pa kompyuta, ndi mawu awo omwe a pantchito. Pali pepala la kaphikidwe lolembapo zofunika zonse: tenga ichi, tenga icho, sakaniza chonchi. Zina mwa zinthuzo amalemba okha pa kampani. Zina amatenga kwa anthu akunja, amene analemba n'kuziika poyera kuti aliyense atengepo ulere. Koma anthu akunjawo sakhala chete, amasinthasintha zinthu zawozo, lero kuwonjeza, mawa kuchotsa. Ndipo nthawi iliyonse akasintha, chinthucho chimalandira chidindo chake, mzere wa zilembo ndi manambala, chosafanana ndi china chilichonse.

"Ndiye pa pepala la kaphikidwe, agogo, munthu umayenera kulemba kuti: tenga chokhala ndi chidindo chakutichakuti, chimenecho basi. Koma pa mzere wa chinthu choyang'anira injini ya pampu, ife tinalemba kuti: tenga chatsopano chimene uchipeze. Chaka chatha kompyuta inapeza china. Chaka chino yapeza china. Pepala ndi lomwelo, chakudya n'chosiyana."

Ndinati, "Ndiye mwasiya ng'ombe kudambo yopanda chikhomo, mukudabwa kuti yadya m'munda mwa eni?"

"Eya, agogo. Yopanda chikhomo."

"Anaisiya ndani?"

Anati, "Ndinawauza abwana poyamba pomwe kuti tikhome chidindo. Anati ayi, tizitenga zatsopano nthawi zonse, tisatsalire. Ine ndinangosiya. Kenako ndinaiwala."

Pamenepo ndinamukalipira nayenso, musaganize kuti ndimakondera. Ndinati, "Iwe, ndinakuphunzitsa kusiya chitseko chotsegula chifukwa mlendo wati kukutentha? Sukulu yonse ija!" Koma m'mtima ndinadziwa mwini mlandu. Mwana akayenda mokhota, yang'anani amene ali patsogolo.

Ndinafunsa, "Nanga chophika cha chaka chatha chili kuti? Bwezeranimo chomwecho."

"Abwana anafufuta zakale zonse pa kompyuta, akuti zikudzaza malo, tikazifuna tidzangophikanso. Ndipo kabokosi kakameza pulogalamu sikalola kuitulutsa. Zidindo za anthu aja zilipo zambirimbiri, cha chaka chatha sindikuchidziwa, kuphika kumodzi kumatenga theka la tsiku, ndipo kuyesa kwake n'kumunda konko. Sindingathe pofika Lachisanu. Kabokosi kalikonse kamaonetsa chidindo chake pakagalasi kakamayaka, koma tonse tisanu ndi tiwiri anatisintha. Abwana analemba choncho mu lipoti. Pakanatsala kamodzi kokha kosakhudzidwa..."

A mama ine! Ndinaimirira. Ndinaponya chitenje m'mwamba. Nthungululu inatuluka yokha, nkhuku zonse balala!

"Agogo, n'chiyani?"

"Ananama! Bwana wako ananama, nsapato zake zinanama! Kanga sanakakhudze! Kanga kali ndi loko, kiyi ali pano pachifuwa panga akutentha!"

Kumbali inayo kunangomveka mpando ukugwa.

M'mawa mwake ndinafika kumunda mame asanaume. Mdzukulu anali atandiuza zochita: tsegulani kabokosi, pali kabatani kofiira, zimitsani, werengani mpaka teni, yatsani. Pakagalasi pabwera mzere wa zilembo ndi manambala. Ndi wautali, koma zoyamba khumi ndi ziwiri zikwana, zinazo azipeza yekha.

Sanandiuze kuti mzerewo umabwera ngati mphezi. Phethi, wapita! Kagalasi kake n'kochepa ngati bokosi la machesi, dzuwa n'kumawaliranso pomwepo. Ndinafunda chitenje kumutu pamodzi ndi kabokosi ngati munthu wofukiza chimfine. Ndinazimitsa, ndinayatsa. Ndinagwira ziwiri, pofuna kulemba zinathawa. Ndinazimitsa, ndinayatsa. Maso misozi chuchuchu.

Amayi anayamba kusonkhana, poti anaona matako a nkhalamba atatuluka kunja, mutu uli m'bokosi. Amayi a pampando anati, "Agogo, mpongozi wanga ali ndi foni yojambula, ndimuitane?"

Ndinayankhira m'chitenje momwemo: "Pakamwa pomwe panaipitsa dzina la mwana wanga sipandibwereka foni. Sungani."

Mwina ndinalakwa, zikanafulumira. Koma ndinali ndi njira yanga. Ine chinthu chimene ndaimba sindiiwala. Mayina a ana anga onse ndi masiku awo obadwa ali m'nyimbo, mbewu zanga zili m'nyimbo. Ndiye ndinati, zinayi zinayi, ngati posinja. Ndikayatsa ndigwire zinayi, ndiziimbe mpaka zikhale pansi, kenako ndiyatsenso.

7, c wa chinangwa, 4, 1,
eya, 7, chinangwa, 4, 1!

Ndinaimba mokweza, phazi likuponda. Amayi aja, amene anabwera kudzaseka, anayamba kuwomba m'manja, pakuti manja a akazi akuno sangamve nyimbo n'kukhala chete. Ndinayatsanso.

e wa eya, 9, b wa bakha,
0, a wa agogo, 2, f wa fodya!

Ndinaimba foni pomwepo, n'kumuimbira mdzukulu nyimbo yonse, amayi akupolokoza kumbuyo. Iye anati, "Agogo, zakwana khumi ndi chimodzi. Chimodzi chasowa."

Amayi a pampando anatsokomola kachifuwa konyoza. Ndinakamva. Ndinabwerera m'chitenje thukuta lili noninoni. Ndinazimitsa, ndinayatsa, kasanu, kasanu ndi kamodzi. Ndipo ndinaona: ma 9 anali awiri, mapasa, ataima phewa ndi phewa, ine ndinawaimba ngati mwana mmodzi.

e wa eya, 9 ndi mphwake 9, b wa bakha!

Pa foni pankangomveka zala zikugogoda. Ndinagwira kiyi wanga pachifuwa. Kenako kamawu kakang'ono: "Chapezeka. Agogo, chapezeka! Cha chaka chatha, mwezi womwe tinaphika poyamba. Ndikuchilemba pa pepala pompano. Ndakhoma chikhomo."

Ndinavina pamtumbira mpaka ndinaugumula ndekha.

Lachinayi m'mawa anafika, iye ndi bwana wake, pa galimoto yoyera ija. Mwana wanga ataonda, maso atalowa. Anagwada kundipatsa moni, anapatsa moni amayi onse mmodzimmodzi, ngakhale amene anamudya miseche. Bwana anaima patali, manja m'thumba.

Anayamba ndi pampu ya amayi a pampando. Mdzukulu analumikiza kachingwe, anaikamo chophika chatsopano cha chidindo chakale, anayatsa. Pampu hiii. Koma m'mawa zonse zinkayenda kale, ndiye panalibe wowomba m'manja. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira dzuwa. Linakwera. Linafika pamwamba pa mitengo, nthawi yake yozimira ija. Aliyense khutu kudambo. Hiiii. Linafika paliwombo, mithunzi yathawira kumapazi, lata la pakabokosi losagwirika. Hiiii! Khwaaa! Madzi akuyenda m'ming'alu, nthaka ikumwa mochita kumveka.

Mdzukulu sanadikire nthungululu, anathamangira pampu yachiwiri, yachitatu, mpaka zonse zisanu ndi imodzi. Dambo lonse linayamba kuimba ngati kwaya, yanga ikutsogolera.

Atabwerera anatiuza chimene anapeza atayerekeza chakale ndi chatsopano. Anthu akunja aja, a kudziko lozizira, anawonjezamo lamulo loti kabokosi kakatentha kufika pakutipakuti, injini ipume. Kutentha kumene iwo amati koopsa, ife kuno ndi nthawi ya tiyi. Ku Mzuzu n'kozizira, n'chifukwa chake ku ofesi sizinkaoneka. Anthuwo sanalakwe, analembera kwawo. Wolakwa ndi amene anati tengani chilichonse chimene chabwera, osachiyang'ana kumaso.

Pamenepo bwana anakonza kolala, anaima pakati pa amayi. "Amayi, monga mwaonera, vuto talipeza ndipo talikonza."

Talipeza! Talikonza! Ndinadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira.

"Bambo, mwalipeza ndi ndani? M'chitenje muja munalimo? Ine sindinakuoneni."

"Agogo, pa kampani timagwira ntchito limodzi."

"Limodzi? Polakwa munati ndi mtsikana. Pokonza mwati ndife. Nanga mu lipoti lanu munalemba mapampu angati?"

Anayang'ana nsapato zake.

"Angati, bambo? Ine sukulu yanga ndi ya kwacha, ndithandizeni kuwerenga."

"Asanu ndi awiri."

"Munakhudza angati?"

Amayi a pampando, omwe aja onyamula botolo, ndiwo anayankha mokweza: "Asanu ndi imodzi!" Onani anthu mmene amatembenukira madzi akafika m'munda mwawo.

Ndinati, "Amayi awa munawauza pa foni kuti mwana wanga wawaphera mpunga. Ali pano onse, makutu anabwera nawo. Auzeni amene anakana chikhomo. Auzeni amene anataya chophika chakale."

Mdzukulu anandigwira mkono: "Agogo, basi, chonde." Ankaopa, poti mawa lake anayenera kukhala ndi bwanayo mu ofesi imodzi. Ndinamumvera chisoni, koma sindinakhale pansi. Bwana ananena motsitsa, ngati munthu wolankhula ndi nyerere, kuti mtsikanayu anachenjeza poyamba, ndipo iye ndiye anati zisiyidwe.

"Nanga Lachisanu?"

"Ntchito yake ili pomwepo."

"Kwezani mawu, kuno kuli mphepo."

"Ntchito yake ili pomwepo, agogo!"

Lululululu! Ndinaimbanso nyimbo yanga ija, 7, chinangwa, 4, 1, amayi onse kulandira, ndipo mpaka lero powokera mpunga amaiimba, ena osadziwa n'komwe kuti ikunena chiyani.

Ponyamuka, mdzukulu anandiuza kuti wayenda pa pepala lonse la kaphikidwe, mzere ndi mzere, paliponse pamene panalembedwa kuti tenga chatsopano wakhomapo chidindo. Ndinati, "Ndiye zatsopano zatha, eti? Ndinanena ine." Anati, "Ayi agogo, musanyade kwambiri. Chikhomo timasuntha, ng'ombe singadye malo amodzi mpaka kale. Koma asunthe ndi mwini ng'ombe, ataona kaye udzu, ndipo alembe pomwe wachichotsa." Ndinavomera theka.

Bwana anabwera kudzatsanzika. Ulendo uno moni anaupeza, anachita kuwerama. Nsapato zija zinali zitamira m'matope mpaka m'zingwe, poti madzi anali ponseponse. Anati, mwaulemu, mwina tsopano angaikemo pulogalamu yokonzedwayo m'kabokosi kanganso, kuti tonse tifanane.

Ndinayang'ana mdzukulu. Iye anayang'ana bwana wake m'maso, koyamba chifikireni, n'kunena kuti, "Ka agogo tikasiye. Ndi mboni yathu."

Ndinatulutsa kiyi, ndinamuonetsa bwanayo kuti amuone bwinobwino akunyezimira padzuwa, kenako ndinamubwezera kwawo, pakati pa mabere.